N'chifukwa chiyani masamba anga achitsulo akuoneka akufa?

Wophunzira Kusula

Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndakhala ndikuphunzira kusula kwa miyezi 8, ndipo cholinga changa n'kupanga ziboliboli zing'onozing'ono za zomera ndi tizilombo, komanso ndolo ndi makoza zotengera maonekedwe a masamba. Sabata yatha ndinamaliza nthambi yachitsulo ya masamba 7. Tsamba lililonse ndinalijambula pogoneka tsamba lenileni pa lata, kenako ndinalidula mosamala, ndinalemba mitsempha yake yonse ndi tchizulo, ndipo pomaliza ndinaliwotcherera ku nthambi. Ngakhale ndinasamala chonchi, nthambiyo ikuoneka yakufa. Munthu akaiona amazindikira msanga kuti ndi masamba, koma diso lake silikhalitsapo, ndipo inenso mwiniwake sindikufuna kuiyang'ana kawiri. Ndikupempha amene munadutsa kale njira imeneyi kuti mundiuze pamene ndikulakwitsa.

Wosula Wakale

Achimwene, mwachita bwino kufunsa, pajatu safunsa anadya phula. Ndisanayankhe, ndikupempheni kuti muthothole tsamba lina, mutsinzine, ndipo mulisisite ndi zala kuyambira ku phesi mpaka kunsonga, kenako kuyambira pa msana wake mpaka m'mphepete. Mudzamva kuti phesi ndi lobulungira, msana ndi wokhuthala pafupi ndi phesi koma ukunka nuwonda, ndipo m'mphepete mwa tsamba ndi mopyapyala kuposa pena paliponse. Lata lanu lija ndi lokhuthala mofanana kuyambira uku mpaka uko, choncho munakopera malire a tsamba okha, thupi lake n'kulisiya. Diso la munthu limazindikira zimenezi mwamsanga ngakhale mwiniwake sangathe kufotokoza chimene chasowa.

Njira imene osula ambiri amayambira ndi iyi. Tengani ndodo yachitsulo chofewa ya mamilimita 10 kapena 12, muitenthe mpaka ifike pa mtundu wa pakati pa wofiira ndi wachikasu, ndipo musongole kunsonga kwake mwachidule. Mukatero siyani kachigawo ka masentimita awiri kapena atatu kuchokera kunsongako, mukagoneke m'mphepete mwa chosulirapo, ndipo mumenye mbali ziwiri zoyandikana kuti papangike khosi. Kutsogolo kwa khosilo kudzatsala kachibulu kosongoka, ndipo m'kachibuluka ndi mmene muli tsamba lanu lonse. Kumbuyo kwake mukoke chitsulo kuti chiwonde n'kukhala phesi. Pomaliza bwererani ku kachibulu kaja ndi mbali yopapatiza ya nyundo, mukumbukire kuti chitsulo chimathawira mbali zonse ziwiri za mzere umene nyundoyo yagwera, ndiye mukaimenya motsata utali wa tsamba, chitsulo chimatambasukira kumanja ndi kumanzere. Pakati musamenyepo kwambiri. Mukatsata zimenezi, msana wokhuthala ndi m'mphepete mopyapyala zimadza zokha, chifukwa simunachotsepo kanthu pa chitsulocho, mwangochisuntha kuchokera pamene chinali chambiri kupita pamene chikufunika.

Kunena zoona, mitsempha yolemba ndi tchizulo ndi chinthu chomaliza kuchiganizira. Ndaonapo masamba opanda mtsempha ngakhale umodzi amene ankaoneka ngati agwedezeka mphepo ikawomba.

Mayi wa Ndolo

Ndikugwirizana ndi bambo Wosula Wakale pa nkhani ya kukhuthala, koma sindikufuna kuti achimwenewa achoke pano akuganiza kuti lata ndi mdani. Ife opanga ndolo sitingayambire pa ndodo ya mamilimita 12, chifukwa khutu la munthu silingasenze katundu wotere tsiku lonse. Timayambira pa mkuwa kapena siliva wopyapyala, kawirikawiri wa theka la milimita, ndipo pali njira yochititsa kuti lata lotere likhale ndi msana weniweni. Njirayi anaikonza ndi kuifalitsa m'zaka za m'ma 1980 ndi mmisiri Charles Lewton-Brain, amene anaphunzitsa kwa nthawi yaitali ku Canada. Mumapinda lata pawiri, n'kudula theka la tsamba mosiya mpindirowo kuti ukhale msana. Kenako mumamenya ndi nyundo yopapatiza motsata mbali imodzi yokha, kaya ya mpindiro kaya yotseguka, ndipo mbali imene mukumenyayo imatalika pamene inzake yakhala chikhalire, zimene zimachititsa kuti chidutswa chonse chikhote. Mukachifewetsa pamoto n'kuchitsegula ndi zala, mumapeza tsamba lokhota, la msana wotukuka, lopindika m'mphepete ngati lomera lokha. Masamba awiri opangidwa motere safanana ndendende, ndipo ine ndimaona kuti ubwino wake wagona pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ochokera ku chitsulo kubwera ku mkuwa. Mkuwa ndi siliva timazisula zozizira, ndipo zikamamenyedwa zimanka ziuma mpaka kufika pong'aluka. Mukamva kuti nyundo yayamba kudumpha ndipo kulira kwake kwasintha, siyani, mutenthe mkuwawo mpaka ufiire pang'ono mukauonera pamthunzi. Mukhoza kuuviika m'madzi ndipo udzatuluka uli wofewa, pamene chitsulo cha kaboni wambiri mukachiviika chili chofiira chimauma n'kukhala chosachedwa kuthyoka. Samalaninso ndi moto, popeza siliva wosasakaniza amasungunuka pa madigiri 962 ndipo mkuwa pa madigiri 1085, kutentha kumene wosula chitsulo amakuona ngati kwa masiku onse.

Wowotcherera

Pepani akuluakulu, ine ndili ndi maganizo osiyanako. Nthawi zonse nkhani imeneyi ikabuka, pamamveka ngati chinthu chilichonse chimene sichinatuluke mu ndodo imodzi n'chachinyengo. Komatu Julio González, amene anabadwira m'banja la amisiri azitsulo ku Barcelona mu 1876, anatchuka chifukwa cholowetsa kuwotcherera mu luso la ziboliboli, ndipo kuyambira mu 1928 anagwira ntchito ndi Pablo Picasso pa ziboliboli zachitsulo zowotcherera. Zipata zolowera ku sitima zapansi za mu Paris, zimene Hector Guimard anakonza cha mu 1900, zili ndi mizati yooneka ngati mapesi a maluwa, koma ndi chitsulo chosungunula n'kuthira m'zikombole, nyundo sinazisule. Palibe amene amati n'zakufa. Ine ndimapanga mbalame zotalika kuposa munthu, ndipo palibe moto wa makala umene ungandilole kulumikiza mapiko otere popanda makina owotcherera. Ndiye tisamuuze wophunzirayu kuti vuto lake ndi kuwotcherera.

Wosula Wakale

Bambo Wowotcherera, sindinanene kuti kuwotcherera n'kulakwa, ndipo makinawo inenso ndili nawo. Zitsanzo zanu zikuthandiza mfundo yanga. Mizati ya Guimard ndi yothira m'zikombole, inde, koma amene anaumba chitsanzo chake anaonetsetsa kuti ikhale yonenepa pansi, izinka iwonda pokwera, ndi kutupa pamene nthambi ikutuluka. Chida chilichonse chikhoza kutulutsa zimenezo ngati wochigwira akuzifuna. Kusiyana kwake n'kwakuti nyundo imakukakamiza kuganizira za kukhuthala pa kumenya kulikonse, pamene lumo lodulira lata limakulola kuiwala.

Popeza mwatchula za kulumikiza, tiyeni tikhalepo pang'ono, chifukwa ndikukhulupirira kuti nthambi ya achimwenewa yafera pamenepanso. Pa mtengo weniweni, nthambi simamatidwa pa thunthu ngati msomali. Imatuluka mopendekera, pa tsinde pake pamakhala potupa ngati kolala, ndipo thunthu limawonda pang'ono likadutsa pamenepo chifukwa gawo lina la thupi lake lapita ku nthambiyo. Wosula ali ndi njira zingapo zotsanzirira zimenezi. Akhoza kung'amba ndodo yotentha ndi tchizulo kuti pakhale mphanda ziwiri zochokera m'thupi limodzi. Akhoza kumanga mapesi angapo pamodzi ndi waya, kuwawaza ufa woyera wotchedwa borax kuti mamba akuda a pamwamba asungunuke n'kuchoka, kuwatentha mpaka atayandikira kuyera, ndi kuwamenya mopepuka koma mofulumira kuti agwirane. Kapena akhoza kuwotcherera ndi makina monga mmene inu mumachitira, koma osasiyira pomwepo: awonjezere chitsulo pamalumikiziropo, abwezere pamoto, amenye, ndi kupala ndi tupa mpaka phesi lizioneka kuti likutuluka m'nthambi. Chimene ndimakana ine ndi kusiya kachotupa ka kuwotcherera kali poonekera ngati phula lodonthera.

Pa kulumikiza kwa pamoto ndichenjezepo. Tsiku lina ndinatha theka la tsiku ndikusula masamba 5, ndipo powalumikiza ndinaika maso pa mapesi okha. Nditaona nthethe zoyera zikuthetheka m'moto ndinadziwa kuti zatha, chifukwa nthethe zotere zimatanthauza kuti chitsulo chikupsa. Mbali zopyapyala ndi zimene zimatentha msanga, ndiye masamba awiri anatsala ngati odyedwa ndi mbozi. Kuyambira pamenepo ndimaonetsetsa kuti masamba ali kunja kwa mtima wa moto, ndipo nthawi zina ndimawadonthezera madzi pamene mapesi akutentha.

Wowotcherera

Pamenepo tagwirizana. Ndikuvomera kuti ambiri a ife timasiya malumikiziro osapala chifukwa chothamangira kumaliza.

Wokonda Mbiri

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna kuonjezerapo za amisiri akale, popeza funso la achimwenewa ndi lakale kwambiri. M'manda achifumu a ku Ur, m'dziko limene lero ndi Iraq, Leonard Woolley anafukula m'zaka za m'ma 1920 chovala cha kumutu cha mfumukazi Puabi, chimene chili ndi masamba agolide osula mopyapyala, ndipo chinapangidwa zaka zoposa 4,000 zapitazo. Ku Vergina, m'dziko la Greece, Manolis Andronikos anapeza mu 1977 nkhata yagolide yotsanzira nthambi za mtengo wa oak, yokhala ndi masamba 313 ndi tizipatso 68. Ku Mapungubwe, m'dziko la South Africa, kunapezeka kachipembere kopangidwa ndi golide womenya mpaka kupyapyala, amene anamukuta pa chosema chamtengo n'kumukhomerera ndi timisomali tagolide. Kachipembereka n'kosavuta m'maonekedwe, kalibe makwinya onse a khungu, koma mutu wake wowerama ndi mapewa ake olemera zimakuuza nthawi yomweyo kuti wokapanga ankaidziwa nyamayo ikamayenda.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Japan. M'nyengo yotchedwa Edo, zaka mazana angapo zapitazo, nkhondo zitachepa, amisiri osula zovala zankhondo, makamaka a banja la Myochin, anayamba kusula zinyama zachitsulo zokhala ndi mfundo zoyenda: njoka, nkhanu, nsomba, tizilombo ndi zinjoka za m'nthano. Chinjoka china chosungidwa ku Tokyo National Museum chili ndi chaka cha 1713. Njoka yotere imapangidwa ndi timphete tambiri tolowana, kalikonse kosiyana pang'ono kukula ndi kanzake, moti ukainyamula imalendewera ndi kupindika ngati yamoyo. Amisiriwa anali atazolowera kupanga zovala zachitsulo zoyenera kupindika pamene thupi la munthu limapindika, ndiye atatembenukira ku nkhanu anayamba ndi kufunsa kuti mwendo wake umapindikira pati ndiponso mbali iti. Ndikuona kuti n'chimodzimodzi ndi zimene bambo Wosula Wakale akunena za tsamba, kuti uyambe wadziwa mmene chinthucho chinamangidwira usanakopere khungu lake.

Nditchulenso Karl Blossfeldt wa ku Germany, amene ali mnyamata anaphunzira ntchito pamalo osungunulira zitsulo, kenako n'kukhala mphunzitsi ku Berlin. Iye ankajambula zithunzi za mphukira, mapesi ndi nsonga za zomera mozikulitsa kwambiri kuti ophunzira ake aziona kamangidwe kake, ndipo zithunzizo zitasindikizidwa mu 1928 anthu anadabwa kuona kuti zomera zina zimaoneka ngati zinasulidwa ndi nyundo.

Wophunzira Kusula

Zikomo kwambiri nonse, ndayamba kuona pamene ndinasochera. Ndili ndi funso lina logwirizana nalo. Pa nthambi yomweyo ndinaikapo timanja topiringizika tonga ta zomera zoyanga, timene ndinatipanga pokulunga waya pa msomali waukulu, koma tikuoneka ngati masipuling'i a m'makina. Kodi napo vuto ndi kukhuthala komweko?

Mphunzitsi wa Zaluso

Mbali ina ndi komweko, achimwene, koma pali zinanso. Waya wokhuthala mofanana akakulungidwa pa msomali, mizere yake imatalikirana mofanana, monga chingwe chokulunga pansi. Chigoba cha nkhono sichitero, chifukwa mzere uliwonse umakula kuposa wam'kati mwake ndi mlingo wofanana, popeza nyamayo imawonjezera nyumba yake pakhomo pamene iyo ikukula. Kuti mupeze kupiringizika kwa mtundu umenewu, yambani mwasongola ndodoyo kwa utali wabwino, kuti izinka iwonda pang'onopang'ono mpaka kunsonga. Mukaitentha n'kuyamba kuipinda kuchokera kunsonga m'mphepete mwa chosulirapo, mbali yowonda imapindika mothina ndipo yonenepa imakana, ndiye mzere umatseguka wokha popanda inu kuuyeza.

Za timanja ta zomera zoyanga, ndikupempheni kuti mukakhale pansi n'kutiyang'anitsitsa, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Kadzanja kamene kagwira kale pa chinthu china sikapiringizika mbali imodzi yokha. Popeza nsonga zake zonse ziwiri n'zomangika, kamazungulira mbali ina kwa mizere ingapo, n'kukhala ndi kachigawo kowongoka pang'ono, kenako n'kuzungulira mbali yotsutsana nayo. Charles Darwin analemba za zimenezi pofufuza zomera zoyanga. Anthu ochepa okha ndi amene amadziwa chinthu chimenechi ndi mutu, koma ambiri anachionapo ndi maso, ndipo mukachiika pa ntchito yanu adzamva kuti n'choona ngakhale osadziwa chifukwa chake.

Onaninso kamangidwe ka masamba pa nthambi. Zomera zina zimatulutsa masamba awiriawiri moyang'anana, zina limodzi uku lina uko mosinthana, ndipo zambiri zimawazunguliza pa phesi, tsamba lililonse litapatuka ndi madigiri pafupifupi 137.5 kuchokera pa linzake. Sindikunena kuti muziyenda ndi choyezera, koma musankhe chomera chimodzi n'kutsata lamulo lake. Nthambi imene masamba ake onse agona mbali imodzi ngati apanikizidwa m'buku imaoneka bwino kutsogolo kokha, pamene chiboliboli chimayenera kupirira munthu akachizungulira.

Mayi wa Ndolo

Popeza achimwenewa anatchulanso ndolo ndi makoza, ndiloleni ndibwerere ku thupi la munthu, chifukwa pamenepa chilengedwe sitingachitsate m'zonse. Munga ndi wokongola pa nthambi, koma pa khoza umakola malaya ndi kukanda mwana amene wanyamulidwa. Nsonga iliyonse iyenera kubulungidwa ndi tupa ndi sandipepa, ndipo ine ndimayesa chinthu chilichonse pochikhuza pa nsalu yofewa: chikakola ulusi ndiye kuti sichinathe. M'mphepete mopyapyala mmene tikuyamikiramu, pa ndolo muyenera kukhala mopyapyala pooneka koma mosatema.

Amene akufuna kuona mmene nyundo yokha ingapangire zodzikongoletsera aphunzire ntchito za Alexander Calder, amene anapanga zinthu zotere zoposa 1,800, zambiri mwa izo ndi waya wa mkuwa wachikasu ndi wa siliva. Iye ankamenya wayayo kuti aphwatalale, n'kumupinda mozungulira, ndipo polumikiza ankakulunga kapena kukhoma timisomali m'malo mowotcherera. Kumbali ina kuli René Lalique, amene chokongoletsera chake cha pachifuwa chooneka ngati tombolombo, cha m'ma 1897 ndi 1898, chili ku Calouste Gulbenkian Museum ku Lisbon. Chimenecho si ntchito ya nyundo yokha, muli golide, miyala ndi galasi losungunulira, koma ndachitchula chifukwa mapiko ake anawaikira mfundo kuti azigwedera wovalayo akamayenda. Chodzikongoletsera chimakhala pa thupi loyenda, ndiye kuyendako n'kofunika kukuwerengera popanga. Ndipo amene akuganiza kuti ndolo ndi chiboliboli n'zotalikirana akumbukire Albert Paley wa ku America, amene anayamba ngati mmisiri wa zodzikongoletsera, kenako mu 1974 anamaliza zitseko zachitsulo zosula za Renwick Gallery ku Washington, zodzaza ndi mizere yonga ya zomera.

Pa nkhani ya khungu ndilankhule mosabisa. Mkuwa umasiya mtundu wobiriwira pa khungu ukakumana ndi thukuta, zimene kwa anthu ambiri sizivulaza koma ziyenera kunenedwa kwa wogula asanavale. Nickel ndi nkhani ina, popeza amayambitsa zidzolo ndi kuyabwa kwa anthu ambiri, ndipo amapezeka m'zitsulo zina zoyera zonyezimira zimene munthu angaziyese siliva. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kawaya kolowa m'khutu ine ndimakapanga ndi siliva wa chizindikiro cha 925, kutanthauza kuti magawo 92.5 pa 100 alionse ndi siliva ndipo otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa. Tsamba lolendewera likhoza kukhala lachitsulo kapena lamkuwa, koma cholowa m'thupi chikhale chodziwika bwino. Mphete yachitsulo chofewa imachita dzimbiri ndi thukuta, ndiye amene amaikonda aiyalire siliva m'kati.

Wowotcherera

Mayi atchula za khungu, ine nditchule za mapapo, chifukwa ophunzira ambiri amatola zitsulo zotayidwa. Chitsulo chilichonse chokutidwa ndi zinki, monga mapaipi otuwa ndi malata ofolerera, chisalowe m'moto wanu. Zinki amawira pa madigiri 907, kutentha kumene moto wosulira umakudutsa mosavuta, ndipo utsi wake woyera umadwalitsa munthu ngati wagwidwa ndi malungo. Mkuwa wachikasu nawonso uli ndi zinki, choncho musautenthe mopitirira. Zitsulo za masipuling'i a galimoto n'zabwino popangira matchizulo, koma pa masamba n'zolimba mosafunikira ndipo zimang'aluka mukaziviika m'madzi zili zotentha.

Za kumalizitsa, chitsulo chili ndi mitundu yakeyake imene utoto sungaipose. Mukachipala mpaka kuwala n'kuchitentha pang'onopang'ono, chimayamba mtundu wa udzu wouma cha pa madigiri 220, kenako chimadera, chimafika pa mtundu wofiirira wopita ku buluu, ndipo cha pa madigiri 300 chimakhala chabuluu. Mitundu imeneyi imabwera chifukwa cha kachikopa kopyapyala kwambiri kamene mpweya umapanga pamwamba pa chitsulo, ndipo pa nthenga za mbalame kapena mapiko a tizilombo imakhala bwino zedi, ngakhale kuti imafufutika ndi kugwiragwira. Njira ina ndi kukwecha tsamba ndi burashi ya mkuwa wachikasu lidakali lotentha koma litasiya kufiira, ndipo malo otukuka amatenga mtundu wagolide. Za m'nyumba zimakwanira kuzipaka phula la njuchi kapena mafuta zidakali zofunda. Za panja zimafuna chitetezo champhamvu, ndipo tsamba lililonse lokhala ngati chikho libooledwe kabowo pansi pake, chifukwa pamene madzi amvula akhazikika ndi pamene dzimbiri limayambira.

Mphunzitsi wa Zaluso

Pali chizolowezi china chimene ndikufuna kumva maganizo a akuluakulu. Masiku ano ndimaona zinthu zambiri zodzaza ndi timaenje ta nyundo paliponse, ngakhale pamalo pamene nyundo inalibe ntchito, pofuna kuti wogula akhulupirire kuti n'zopangidwa ndi manja. Kodi chimenechi n'chololeka?

Wosula Wakale

Kwa ine n'chinthu chomvetsa chisoni, aphunzitsi. Amisiri akale ankayesetsa kusiya chitsulo chosalala, ndipo zipsera zimene zinkatsala zinali za ntchito yeniyeni, zoloza kumene chitsulo chinkapita. Pa tsamba losula bwino, mizere ya nyundo imachoka pa msana kupita m'mphepete, ndipo mwa iyo yokha imakhala ngati mitsempha. Timaenje tomwaza mwachisawawa sitiloza kulikonse, timangoonetsa kuti munthu anali ndi nyundo m'manja. Ndikaona ndodo yogula yokhuthala mofanana itamenyedwamenyedwa kuti ioneke yakale, ndimadziwa kuti wopangayo anathera mphamvu pa khungu.

Mayi wa Ndolo

Pamenepa ndikusiyana nanu pang'ono, bambo. Pa siliva, kumenya komaliza ndi nyundo yosalala kuli ndi ntchito ziwiri zenizeni: kumalimbitsa chinthu chopyapyala kuti chisapindike povala, ndipo timalo tating'ono timene kumasiya timaphwanya kuwala kuti kusathobwe m'maso ngati kalilole. Amisiri a Georg Jensen, amene anatsegula malo ake osulira siliva ku Copenhagen mu 1904, ankasiya zipsera zotere mwadala pa ntchito zawo zotengera maluwa ndi zipatso. Ndiye si chipsera chilichonse chosiyidwa mwadala chimene chili chabodza. Ndikuvomereza kuti chikhale chogwirizana ndi thupi la chinthucho, chikhale chaching'ono pamene chinthu chawonda ndi chokulirapo pamene chatambasuka.

Wosula Wakale

Pa siliva ndikugonjerani, mayi, ndi munda wanu umenewo. Pa chitsulo ndikhalabe pomwe ndaima.

Wophunzira Kusula

Ndabweranso patatha masiku 10 kudzapereka lipoti. Ndasula masamba 11 kuchokera ku ndodo ya mamilimita 10 monga munandilangizira. Atatu ndinawapsereza, ndipo nthethe zoyera zija ndaziona ndi maso anga. Mwa otsalawo, anayi akuoneka amoyo kuposa chilichonse chimene ndinapangapo, ngakhale kuti sindinalembepo mtsempha uliwonse, ndipo ndayamba kuzindikira kuti tsamba limatambasukira mbali zonse ziwiri za mzere umene mbali yopapatiza ya nyundo yagwera. Ndayesanso njira ya mayi ya kupinda mkuwa, ndipo tsamba loyamba linang'ambika pa msana chifukwa ndinachedwa kulifewetsa, koma lachiwiri linatseguka bwino. Chimene chandivuta n'chakuti masamba ena anayi achitsulo anathyoka pakhosi penipeni, pamene phesi limakumana ndi tsamba, ndipo awiri mwa iwo anathyoka ndili pafupi kumaliza. Kodi chitsulo changa n'choipa?

Wosula Wakale

Chitsulo chanu chilibe mlandu, achimwene, zimenezi zimachitikira aliyense woyamba. Pali zifukwa zitatu zimene zimayendera limodzi. Choyamba, ngati m'mphepete mwa chosulirapo chanu ndi mwakuthwa, popanga khosi mumadula kamzera m'chitsulo, ndipo kamzerako ndi kamene kamakula n'kukhala mng'alu. Sankhani mbali imodzi ya chosulirapo muibulungize ndi tupa kapena makina opalira, kuti khosi lizituluka lokhota bwino. Chachiwiri, mukuwondetsa khosi msanga. Lisiyeni lili lonenepa, mwina mamilimita 6, mpaka mutamaliza kutambasula tsamba, ndipo muliwondetse pomalizira. Chachitatu, khosi ndi lowonda ndipo limakhudza chosulirapo, choncho limazizira msanga kuposa kwina konse, ndiye mukamamenya tsamba kapena phesi, kugwedera konse kumathera pamalo ozizirawo, monga mmene waya amathyokera ukamupindapinda malo amodzi. Nthawi iliyonse mukabwezera chitsulo pamoto onetsetsani kuti khosi nalo lafiira, ndipo likada musamenyenso, ngakhale tsamba lenilenilo likadali lofiira.

Masamba othyokawo musawataye. Dulani limodzi pakati mopingasa ndi sowo, muyang'ane podulapo, ndipo mufanizire ndi tsamba lenileni lodulidwa chimodzimodzi ndi lumo. Mukatero mutitumizire chithunzi cha zonse ziwiri zitagonekedwa pamodzi, kuti tione ngati msana wanu ukuwonda mokwanira polowera kunsonga.